Mlandu wa Banja Umene Ndinawina ku Mtakataka

Anzanga a ku khoti nkhani iyi saidziwa, ndipo mukakumana nawo musakaiyambe dala. Ine ndine loya, osati wamasewera ayi. Ndimaimira anthu a mataye amene a misonkho awagwira pakhosi, ndi mabwana amene ndalama za kampani zinasochera m'matumba mwawo. Anthu otere akalowa mu ofesi mwanga thukuta lili kamukamu, lamulo langa ndi limodzi: tsekani pakamwa, musavomere kanthu, wolankhula ndine. Lamulo limeneli linandimangira nyumba ku Lilongwe, ndipo ndi lomwelo linandivula ulemu ku Mtakataka anthu akuona.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna, Limbikani, wakabaza wa njinga yamoto. Anakwatira mtsikana wa kumeneko, Esinati, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, kumunsi kwa msewu ngati ukulowera kunyanja. Pa ukwati wawo unkhoswe anapatsa ine poti ndine malume wake, ngakhale ndikukayikira kuti chimene ankafuna kwenikweni ndi galimoto yanga pazithunzi. Ndinavomera, osadziwa kuti unkhoswe uli ndi ntchito.

Ndiye tsiku lina mlongo wangayo anaimba foni kuti banja lija lagwedezeka, ankhoswe akufunika Loweruka. Azakhali a Esinati anali atamuona Limbikani tsiku la msika ku Golomoti atakweza mayi wina panjinga, mayiyo atamugwira m'chiuno, kenako awiriwo akudya tchipisi m'mbale imodzi pachiwaya. Ndinaseka mpaka sekilitale anasuzumira. Ine amene ndimalimbana ndi maodita, ndiope mlandu wa tchipisi?

Limbikani ndinamupeza pasiteji ya Mtakataka atakumbatira tambala womanga miyendo. Anandiuza mosabisa kuti analakwadi, macheza ndi mayi uja anapitirira muyezo, ndipo Esinati wanena kuti akapepesa pamaso pa ankhoswe nkhani ithera pomwepo. Tambalayo anali wopepesera.

Kasitomala kufika pa mlandu atanyamula chivomerezo cha nthenga ndi miyendo iwiri! Ndinamulanda tambalayo, kumuponya m'buti, n'kutseka.

"Koma amalume, kuno sitichita choncho."

"Iwe umadziwa njinga, ine ndimadziwa milandu. Ukakhale chete."

Akuchikazi tinawapeza atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa, abambo pamipando. Kunja kunkatentha monga kumatenthera kuchigwa kuja, koma jekete sindinavule. Nkhoswe wa kuchikazi anali malume wake wa Esinati, a Mbewe, bambo wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anatilonjera bwinobwino, anafunsa za ulendo, kenako anati ana athuwa apsetsana mtima pang'ono, tiwathandize. Anafotokoza za ku Golomoti mwachidule, osatchula ngakhale za m'chiuno zija, n'kundiyang'ana.

Pano ndikudziwa kuti pamenepo nkhoswe wa kuchimuna amafikisa manja, n'kunena kuti tamva, mwana wathu walakwa, ndife tinaperewera pomulangiza. Basi. Nkhuku imaperekedwa, anthu amamwa thobwa.

Ine ndinaimirira, n'kumanga batani la jekete.

Ndinapempha kuti mboni ibwere kutsogolo. Anthu anayang'anana, kenako azakhali aja anasendera pang'ono pamphasa. Ndinawafunsa pamene anaima, ndi kumene dzuwa linali. Ndinawafunsa ngati anayezetsapo maso kuchipatala. Ndinawafunsa dzina la mayi uja, anati salidziwa. Ndinawafunsa ngati anakwerapo kabaza mumsewu wa mabampu, ndipo ngati anakwerapo anagwira chiyani, mphepo? Za tchipisi ndinawapanikiza kuti anene ngati anawerenga mbale za mwini chiwaya, poti mwina inatsala imodzi. Azakhaliwo anayamba ndi kuyankha mwamphamvu, kenako anatsikira pa "kaya", pomaliza anangofunda chitenje kumutu.

Pabwalo panali zii. Ine ndinati eya, umu ndi mmene mumakhalira m'khoti jaji akamagoma.

Limbikani ankandikoka buluku chapansipansi, ine n'kumamusasa ngati ntchentche. Ndili mkati mofotokoza kuti munthu ndi wosalakwa mpaka umboni utamugwira, tambala uja analira m'buti. Analira momveka bwino, mudzi wonse unatembenukira ku galimoto. A Mbewe anafunsa mwaulemu ngati m'galimotomo muli wina amene ali ndi mawu. Ndinayankha osaphethira kuti imeneyo ndi ndiwo yanga ya ku Lilongwe, ilibe mbali pa mlanduwu.

Ndikanalekera pomwepo mwina zikanakonzeka. Koma loya akaona mboni yagwa, magazi amathamanga. Ndinatembenukira kwa mayi ake a Esinati, apongozi ake a Limbikani, munthu amene mnyamatayo akakumana naye panjira amapatukira kutchire chifukwa cha ulemu. Ndinawaloza ndi cholembera n'kuwafunsa ngati si zoona kuti mkamwini ameneyu sanamufunepo chiyambire. Amayi onse pamphasa anagwira pakamwa nthawi imodzi. Limbikani anaika mutu pakati pa mawondo.

Akuchikazi anapempha kuti akaonane kaye kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinakhala pansi, kupukuta thukuta, n'kumunong'oneza kasitomala wanga kuti zatheka.

Atabwerera, a Mbewe anayamba ndi kundiyamikira. Anati sukulu ndi yabwino, lero aona okha. Anati mfundo zanga zonse azimva ndipo palibe angazitsutse, Limbikani alibe mlandu. Ndinagwedeza mutu modzichepetsa.

"Ndiye poti mwana wanu ndi wolungama," anapitiriza motsitsa muja, "abodza ndife. Sitingasunge munthu wolungama pamudzi wa anthu abodza, angaonongeke. Mutengeni, bwana."

Posakhalitsa, chikwama cha Limbikani, wailesi ndi chipewa cha njinga zinali zitafika kale pamphasa. Esinati, amene sanalankhule chiyambire, anadzuka maso ali ofiira, n'kuyang'ana mwamuna wake, osati ine.

"Ine ndimangodikira pepani. Madzi ako osamba ndinatereka kale."

Mawu amenewo anandilasa, sindinama. Milandu ndaluzapo, koma sindinamvepo manyazi ngati amene ndinamva nditawina umenewu.

Tinakwera mapiri a Khwekhwerere ine kutsogolo, wosalakwa wanga pambuyo panjinga yake, akulira mkati mwa chipewa. Kwa mayi ake anakana kupita, akuti akawauza chiyani. Anafikira kwanga. Mayi a kunyumba atamva nkhani yonse anangoti mwawina, ndiye chikho chanu ndi icho chagona pasofa. Mlongo wanga anasiya kuyankha mafoni anga. Mnyamata uja ankangokhala pakhonde osadya, akuimbira Esinati foni yosayankhidwa, ndipo akandiona ankandipatsa moni waulemu umene unkandiwawa kuposa chipongwe.

Mwezi usanathe ndinabwerera ku Mtakataka ndi Limbikani. Jekete ndinaisiya, mpando atandipatsa ndinaukana, ndinakhala padothi. Ndinafikisa manja n'kunena mawu amene ndimaletsa anthu kunena tsiku ndi tsiku, kuti talakwa, tilibe chodzitetezera, tikupempha chifundo. Limbikani anagwada n'kupepesa yekha, bwino kuposa mmene ine ndikanalembera. Esinati anamusiya agwade mpaka mawondo achite dzanzi, kenako anatola chikwama chija n'kulowa nacho m'nyumba.

Ndinayamba kudzuka kuti ndizitsanzika, a Mbewe n'kukweza dzanja kuti ndidikire. Anati za mnyamatayu zatha, analakwira mkazi wake ndipo mkazi wake wamukhululukira, salipira kanthu. Kwatsala za amene anayeza maso azakhali ndi kuloza apongozi ndi cholembera.

Mbuzi, anatero. Yaikazi, yoti ibereke.

Ndinafunsa, mwachizolowezi chabe, ngati pali mwayi wa apilo. Azakhali aja, amene maso awo ndinawakayikira, anayankha ali pamphasa pomwepo kuti ulipo, koma apilo yake ndi ng'ombe.

Ndinakagula mbuziyo ku Golomoti tsiku lomwelo, ndipo ndinaikoka ndekha pachingwe kudutsa pachiwaya chija, kasitomala wanga ali m'nyumba akusamba madzi otentha.

Mlandu wa banja, loya wanzeru amauluza m'mawa kusanatenthe.