Mmene Ndinagwirira Wakuba Intaneti ku Fakitale ya Makatoni

Nkhani iyi anzanga a ku Pinetown, kudziko la Azulu kuja, akamaikamba amaithira mchere wambiri, choncho kuli bwino muimve kwa mwini wake. Ndinene poyambirira kuti wakubayo ndinamugwiradi. Zina zonse zotsala ndi zimene sizinayende.

Munali mu 2012, ndikugwira ntchito pa fakitale ina yopanga makatoni. Ndinalowa pamenepo ngati womanga mitolo, koma tsiku lina ndinakonza pulinta ya mu ofesi (inali itangomeza pepala, ine ndinangolisolola) ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka munthu wa makompyuta. Ndinachitako kosi ya miyezi itatu m'tauni, satifiketi n'kuipachika pakhoma pamene aliyense wolowa ankayenera kuiona.

Masiku amenewo intaneti inkagulidwa yoyeza ngati palafini: ya mwezi umodzi, ikatha yatha. Yathu inayamba kumatha mwezi uli pakati, miyezi itatu yotsatizana, maoda a makasitomala n'kumakanika kulowa. Abwana athu, Mmwenye wa ku Verulam amene ankakayikira ngakhale wotchi yapakhoma, anandiitana Lolemba lina m'mawa, natseka chitseko, n'kuika kabokosi patebulo.

"Ili ndi khadi logwira mapaketi," anatero motsitsa mawu. "Ndabwereka kwa mphwanga, amagwira pa kampani yaikulu. Pali munthu muno akudya intaneti yanga. Undipezere. Ndikamudziwa, Lachisanu likhala lake lomaliza. Umatha kuligwiritsa ntchito?"

"Yebo, bwana," ndinayankha. Ndinali ndisanalionepo chibadwire.

Kwa amene simukudziwa (monga mmene ndinalili ine m'mawa umenewo), chilichonse choyenda pa intaneti chimadulidwa timaphukusi ting'onoting'ono totchedwa mapaketi, ndipo kalikonse kamakhala ndi nambala ya kompyuta kumene kakuchokera ndi kumene kakupita. Khadi limeneli ntchito yake ndi ya wapolisi wa pa rodibuloko: limaima panjira n'kumakopera chilichonse chodutsa.

Ndinasankha kompyuta yakale imene inkakhala pansi pa desiki yanga, yosazimitsidwa chaka chonse. Kuitsegula kokha ndinadzicheka chala. Khadi linakana kulowa m'malo oyamba, ndinalikakamiza mpaka linalira, kenako ndinazindikira kuti malo ake anali ena pambali. Pulogalamu yake inanditengera tsiku lonse. Lachiwiri m'mawa ndinakoka nthambo kuchokera pa khadi kukalumikiza pa swichi, lija bokosi lothwanima timagetsi limene nthambo za makompyuta onse zimakumanapo. Ndinakhala pansi, manja pachifuwa, kudikira wakuba.

Pa sikirini panangodutsa timizere tiwiri titatu, ngati msewu wa kumudzi Lamulungu masana. Ndinathamangira kwa abwana kukawauza kuti ofesi yathu ndi ya anthu oyera mtima. Iwo anangoimbira foni mphwawo uja, foniyo n'kundipatsa.

"Walumikiza pa bowo wamba eti?" anafunsa mnyamatayo, ndipo ndinkamva kuti akudziletsa kuseka. "Uiuze swichiyo kuti zonse zodutsa izikoperanso ku bowo la khadi lako. Kupanda apo uzingoona zako zokha."

Ndinalowa mu swichi muja n'kuiuzadi. Kungoti ndinasokoneza manambala a mabowo, ndipo bowo limene ndinaliletsa ntchito yake linali lolowetsa intaneti m'nyumba yonse. Ofesi inangoti zii kwa ola lathunthu. Anthu anabwera mmodzimmodzi kudzaona chimene chachitika, n'kundipeza nditagwada pa swichi, nthambo ili kukamwa. Chinsinsi cha abwana chinathera pomwepo.

Pofika masana aliyense anali atamva kuti ndaika makina oonera za anthu. Pa tiyi ndikangolowa, nkhani zinkaduka. Sisi Nokuthula wa pofikira alendo, amene kale ankandigawira magwinya, mandasi a kumeneko, anatembenuza sikirini yake kuti iyang'ane kukhoma.

"Chinthu chakocho chimawerenga makalata a anthu?" anandifunsa popanda moni.

"Chimaona zonse, sisi," ndinatero pang'onopang'ono. (Ine mwini ndinali ndisanaone kalikonse, koma mantha ake anandikoma.)

Ndipo kunena zoona matenda a abwana anandilowa. Nokuthula ankaseka yekha pa kompyuta, ndiye ankaseka chiyani? Mzungu wotsatsa malonda, amene ankakhala kumayadi ku Musgrave n'kumabwera atanunkhira perefyumu, ankakhoma chitseko nthawi ya nkhomaliro. Ankakhomeranji? Ngakhale abwana amene ndinawaika pa mndandanda wanga, chifukwa munthu amene amayamba kufuula kuti kwabedwa ndimamudziwa.

Swichi itakhala bwino, mizere inayamba kutsika pa sikirini ngati linthumbu. Maso anandiwawa, disiki inatsala pang'ono kudzaza, mpaka ndinapeza batani losanja makompyuta motsatira kudya kwawo. Pamwamba penipeni panakhala nambala imodzi yothera ndi 47. Imeneyi sinkapuma ngakhale anthu ataweruka. Inkakoka mapaketi kuchokera malo amodzi okhaokha, ndipo nditafufuza dzina la malowo, ndinaliwerenga kawiri. Inali wailesi ya kwathu ku Malawi, youlutsa pa intaneti.

Apa ndiyenera kuulula kanthu kena. Pa fakitale ija, mwa eni dziko, abwana okha ndi amene ankadziwa kwathu, chifukwa anaona mapepala anga. Ena onse ndinawauza kuti ndine wa ku Limpopo, chigawo cha dziko lomwelo kumene amalankhula Chivenda. Chichitikireni zipolowe zothamangitsa anthu obwera za 2008, ambiri a ife Chichewa tinkachisiya pakhomo potuluka. Mmalawi wodziwika pa fakitale anali mmodzi: Che Yusufu a ku Mangochi, bambo wachikulire wovala kachisoti koyera, amene ankayang'anira kotumizira katundu. Iwo sankabisa kwawo. Kuntchito ndinkawapatsa moni wa Chizulu, Chichewa tinkanong'onezana pokwerera takisi.

Pakhoma pafupi ndi swichi panali pepala lachikasu, lolembedwa ndi amene ankakonza makompyuta ine ndisanayambe, losonyeza mwini wa nambala iliyonse. Ndinatsetsereka ndi chala mpaka pa 47. Panalembedwa kuti kotumizira katundu.

Lachitatu masana ndinawapeza Che Yusufu kuseri kwa lole akudya buledi.

"Che Yusufu, ndabwera ngati m'bale wanu. Wailesi ija muzimitse."

"Wailesi iti?"

"Ya pa kompyuta yanu. Makina anga aona zonse. Abwana akufuna kuchotsa munthu."

Anatafuna kaye, namwera madzi. "Aphwanga, kompyuta ija ine ndimadziwapo mabatani atatu. Loyatsa, losindikiza risiti ya dalaivala, ndi lozimitsa. Kodi muli wailesi mmenemuja?"

Ndinachoka ndikupukusa mutu. Mumtima ndinkati akuluakulu ena bodza amalinena mofatsa ngati pemphero. Ndinadziona ngati munthu wabwino kwambiri, woti wachenjeza mnzake mwaulere.

Lachinayi nambala 47 inali ikudyabe. Pamenepo chifundo chinandithera. Abwana atandiitana kufunsa pamene ndafika, sindinatchule dzina (izi ndinkadzitonthoza nazo masiku otsatira), ndinangoti ndi kompyuta ya kotumizira katundu, ikukoka wailesi ya ku Malawi. Pa kompyuta imeneyo pankakhala munthu mmodzi yekha.

Lachisanu m'mawa abwana anasonkhanitsa anthu a mu ofesi pa desiki yanga, kuti onse aone umboni ndipo wina asadzanene kuti wachotsedwa mopanda chilungamo. Che Yusufu anaima kumbuyo, manja kumsana. Bambo amenewa anali atagwira pamenepo zaka zambiri, ndipo ana awo ku Mangochi ankaphunzira chifukwa cha ntchito yomweyo. Ine ndinkadziwa zimenezi, komabe ndinaloza pa sikirini ndi bolopeni ngati mphunzitsi, kufotokoza za mapaketi ndi mawu achingerezi amene ndinawaphunzira Lachiwiri.

"Yusufu, uli ndi chonena?" anafunsa abwana.

"Bwana, za makinazi ine sindizidziwa," anayankha mofatsa. "Koma ngati wakuba ali mu kompyuta yanga, kaizimitseni, tione ngati asiye."

Nokuthula anapita kukaizimitsa, nazula ndi pulagi yomwe. Tonse tinayang'ana pa sikirini. Mizere ya 47 inkangotsikabe.

"Ndi zotsalira m'nthambo," ndinatero. "Ngati madzi m'paipi ukatseka mpope."

Tinadikira mphindi zisanu. Paipiyo sinaume.

Abwana analamula kuti makompyuta onse azimitsidwe, imodzi imodzi. Inayamba ya Nokuthula, amene anabwerera akundiyang'ana m'maso. Kenako ya Mzungu wa ku Musgrave, ndipo ndikuvomera kuti pamenepo ndinapemphera kuti mizere iime. Sinaime. Abwana anakazimitsa yawo okha, atakwinya nkhope. Mu ofesi monse munatsala phokoso limodzi, kulira kwa kafani pansi pa desiki yanga.

Mzungu uja anangotenga timasipika ta pa desiki ya Nokuthula, nagwada, n'kutilumikiza kumbuyo kwa kompyuta yomwe munali khadi logwira wakuba. Nthawi yomweyo ofesi inadzaza ndi mawu a bambo wina, omveka bwino ngati ali m'chipinda momwemo, akuwerenga mauthenga a maliro m'Chichewa.

Ndinakumbukira zonse pamenepo. Miyezi ingapo m'mbuyomo kunagwa mvula yoononga kwathu, ndipo ndinaika kapulogalamu ka wailesi pa kompyuta ija kuti ndizimvera nkhani ndi tam'makutu. Ndinachonga kuti kaziyamba kokha kompyuta ikayaka. Tsiku lina wina analowa mwadzidzidzi, ine n'kuzula tam'makutu tija kubisa m'thumba, osadzakumbukanso. Wailesi inakhala ikulankhula yokha usana ndi usiku, popanda womvera. Za pepala lachikasu lija, mphwawo wa abwana anadzandiuza pambuyo pake kuti manambala amenewa amasinthasintha eni ake, ndipo pepalalo linali lakale kuposa ntchito yanga. Nambala ya kompyuta yanga sindinaiyang'ane n'komwe. Ndani amadzisecha yekha m'thumba?

"Chilankhulo chanji chimenechi?" anafunsa Nokuthula. "Chivenda ndimachimva, ichi si Chivenda."

Abwana anatembenukira kwa Che Yusufu. "Akuti chiyani munthuyu?"

"Funsani mwini wailesi, bwana," anayankha. "Amamva bwino kuposa ine. Ine ndine Myao."

Choncho ndinaima pamaso pa anthu onse, bolopeni idakali m'manja, kumasulira m'Chingerezi kuti mayi wina wamwalira ku Ntcheu ndipo achibale a ku Lilongwe afike msanga.

Ntchito sanandichotse. Abwana anandipatsa kalata ya chenjezo, n'kunena kuti khadi lagwira ntchito yake bwino, munthu ndi amene anali ndi vuto. Chimene ndinkachiopa kwambiri, choti anthu adziwa kwathu, chinangodutsa ngati mphepo. "Eish, tinkadziwa kalekale," anatero Nokuthula Lolemba lotsatira. "Chizulu chako chimayenda ndi ndodo. Tinkangofuna tione kuti ufika nazo pati."

Ovuta anali Che Yusufu. Kwa milungu iwiri ankandiyankha moni m'Chizulu, ngakhale pokwerera takisi pamene panalibe wotimva. Loweruka lina ndinalimba mtima kupita kumene ankakhala, nditanyamula shuga ndi masamba a tiyi. Anandilandira, anandipatsa mpando, anamvetsera kupepesa kwanga konse mpaka kunatha.

"Kulakwitsa nambala si mlandu, aphwanga," anatero. "Makina ndi makina. Chimene chinandiwawa ine n'choti mutaona dzina la kwathu pa galasi paja, munaganiza kuti Mmalawi pa fakitale ponse ndine ndekha. Mwawanamiza anthu mpaka mwakhulupirira nokha."

Ndinamwa tiyi wa shuga amene ndinabweretsa ndekha, iwo n'kuyamba kundifunsa za mvula ya kwathu, m'Chichewa.

Lero ndimagwira ntchito kwina, ndipo makadi amenewa ndawaika ambiri osadula intaneti ya munthu. Wina akangodandaula kuti intaneti ikuchedwa, ndimayamba ndagwada kusuzumira pansi pa desiki yanga. Ndikapeza kuti si ine, ndimadzuka, ndimasasa fumbi m'maondo, kenako ndimayamba kuwayang'ana anzanga mmodzimmodzi.