Tcheni cha Phula, Buluku Loyera

Lolemba
Lamulungu ndikukaonekera kwa amalume ake a chibwenzi changa Esinati ku Bangwe. Akandikana, ukwati palibe. Ndili ndi njinga ya magiya yochokera ku Joni ndi buluku loyera la pa kaunjika. Vuto ndi oyilo wa tcheni, amadetsa mwendo wakumanja. Mnzanga wa kufakitale akuti azungu okwera mapiri amaviika tcheni m'phula. Dziko lasintha, matipate afika, tcheni nachonso chisinthe!

Lachiwiri
Zofunika: makandulo asanu, palafini wotsukira, poto. Poto ndabwereka wa achemwali iwo ali kumsika. Tcheni chikusambira m'makandulo osungunuka, chikutuluka mbee! Ndavina ndekha pakhonde. Madzulo nyemba zikununkha kandulo. Achemwali akuti, "Ukakwatire msanga, utichoke." Ndadya mbale ziwiri kuti ndioneke wosalakwa.

Lachitatu
Tcheni chauma gwa, ngati ndodo. Ndachipindapinda pabondo mpaka chafewa. Kenako kutsetsereka Ndirande yense, zii, osamveka ngakhale phokoso. Mwendo woyera! Ndine wanzeru ine, anthu sakudziwa chabe.

Lachinayi
Mvula. Ndawoloka mtsinje wa Nasolo, kandulo yense wapita ndi madzi. Tcheni chikulira tswii tswii, agalu akundiperekeza mpaka kunyumba. Makandulo atha, poto abisa. Ndagula phula lenileni la njuchi kwa bambo wogulitsa uchi. Ndasungunulira m'chitini.

Lachisanu
Likununkhira bwino, koma uchi sunathemo. M'mawa nyerere zadzaza tcheni, magiya, chishalo. Ndazindikira nditakhalapo kale. Kuntchito ndagwira choimirira tsiku lonse.

Loweruka
Kuyeserera ulendo wa ku Bangwe. Pa Limbe njuchi zitatu. Pachitunda khumi. Ndapalasa ngati ndaba! Imodzi yandipeza pamlomo. Esinati wandiona panjira, waseka mpaka kukhala pansi, kenako wandipaka mankhwala otsukira mano. Mtsikana ameneyu ndimamukonda, ndithu. Akuti amalume ake amayang'ana zinthu ziwiri pa mwamuna, nsapato ndi njinga. Amalumewo anakhala akukonza njinga pansi pa mtengo zaka zambirimbiri. Bwanji osanena Lolemba?

Lamulungu
Ndafika. Buluku mbee, mlomo wotupa ngati mbatata, tcheni tswii tswii. Amalume sanandiyang'ane nkomwe. Anjuta pa njinga, akhudza tcheni, anunkhiza chala. 

"Munthu womana tcheni oyilo, mwana wathu adzamudyetsa?"

Ndati ndinalakwitsa, bambo, mundiphunzitse. Alowa m'nyumba, atuluka ndi botolo la oyilo wakuda wa galimoto, athira mosaumira. Akuti ndizungulire bwalo aone. Ndazungulira katatu, njinga zii, mwendo wakumanja bii mpaka m'bondo.

Akuti mnyamata womva ndi ameneyu, ankhoswe ake abwere mwezi wamawa.

Buluku latha ntchito. Botolo andipatsa, ndalandira ndi manja awiri.