Nkhondo ya Mabenchi a kwa Vinsenti

Tcherani khutu inu mapiri a Dowa, ndipo inu zitunda za Ntchisi musatsokomole, pakuti tikukamba za chaka chija fodya atangochoka m'zigafa, pamene matimu awiri anafanana mphamvu, koma malo okalimbirana chikho ku Mponela anali amodzi basi.

Tsidya lino kunali Ziwombankhanga za a Kalisto, Mkango Wosabangula Kawiri, Mwini Wezulo Yosachita Dzimbiri, amene ankaphunzitsa mpira atapisira malaya ngati akupita kutchalitchi. Tsidya linalo kunali Mphenzi za a Nathaniel, Bingu la M'chilimwe. Pakati pawo panali a Vinsenti, Mfumu ya Sola ndi Batire, mwini chisakasa cha kanema, amene ankajambula masewero pa foni n'kumawaonetsa pa TV yawo. Iwowa ndiwo anapatsidwa mphamvu yosankha timu.

"Imvani lamulo," anatero a Vinsenti atakwera pa kreti. "Loweruka ndionetsa masewero a Mphenzi, Lamlungu a Ziwombankhanga. Timu imene idzadzaze mabenchi angawa ndiyo ipite. Ku Mponela safuna odziwa mpira, amafuna okoka anthu."

"Komatu Mphenzi zomwezi tinazichinya mwezi watha," anatero a Kalisto.

"Anaona ndani, achimwene?"



Loweruka a Nathaniel anasonkhanitsa gulu lankhondo: azakhali, apongozi, kwaya yonse, mpaka agogo ena osamva amene ankangofunsa kuti maliro ndi a yani. Mabenchi onse anadzaza, kupatula imodzi ya pakhomo yotuluka msomali, imene chikhazikitsire chisakasacho palibe thako linailimba mtima.

A Kalisto mutu unaima. Anyamata awo mpira ankaudziwa ndithu, koma unali mpira waulemu, wopatsirana ngati mbale ya ndiwo, woti woonera n'kuwodzera.

Tsono apa ndi pamene nkhani ikukoma. Panali Eleanor, Mfumukazi ya Zitumbuwa, amene a Kalisto akhala akumupatsa moni dzinja ndi dzinja osafika pamfundo. Eleanor anali ndi nkhukutembo yaimuna yamwano. Tsiku lina la msika, bwalo la mpira lilibe oonera, Eleanor atapita ku Mtengowanthenga kukaona wodwala, nkhukutembo ija inalowa m'bwalo masewero ali mkati, inayang'ana anthu onse, n'kusankha a Kalisto. Mkango unathamanga, abale. Unazungulira bwalo, wezulo ikulira yokha m'kamwa, mpaka unakwera pa mtanda wa golo ukuitana amayi ake. Pambuyo pake a Kalisto analumbiritsa anyamata awo, ndipo anagwada kwa a Vinsenti, amene anajambula zonsezi, kuti kachigawo kameneko kasaoneke mpaka dziko lithe.

"Chida muli nacho, achimwene," ananong'ona a Vinsenti Loweruka lomwelo. "Kachigawo kaja."

"Ine?" anatero a Kalisto, dzanja pachifuwa. "Ine amene ana amavula zipewa ndikamadutsa? Eleanor andione ndili lendelende ngati mleme? Bola mapiri awa agwe."

Koma Alexio, goloboyi wa timuyo, anayankha akukanda pansi ndi chala cha phazi. "Akochi, ife chibadwire sitinalowepo mu Mponela titavala yunifolomu. Ndiye mwati tikhale chifukwa cha mbalame?"

A Kalisto anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, ngati munthu amene akumva mizimu ya makochi onse akale.

"Onetsani," anatero. "Mibadwo idzandiweruza."

Mbiri inayenda kuchoka pamjigo kufika kuchigayo. Lamlungu mapemphero atangotha, anthu anakhamukira kwa Vinsenti mipango ili kumutu, Eleanor ali patsogolo penipeni. Nkhukutembo itaonekera pa TV, chisakasa chinagwedezeka. Ena anagwa chagada, ena anapempha kuti abweze, ndipo a Vinsenti anabweza, n'kubwezanso, a Kalisto ali kunja atatsamira mtengo ngati wonamizira chimfine.

Mwadzidzidzi kumbuyo kunamveka mawu a a Nathaniel, amene anabwera kudzazonda adani.

"Chinyengo ichi. Anthuwa akuonera nkhukutembo, osati mpira."

"Benchi sifunsa kuti wakhalapoyo akuonera chiyani," anatero a Vinsenti. "Komanso bambo, tayang'anani pamene mwakhalapo."

Anthu onse anatembenuka. Bingu la M'chilimwe, miyendo italefuka ndi phwete, linali litakhala pa benchi ya msomali. Mabenchi onse anali atadzaza, ndipo wodzaza yomalizayo anali mdani mwini wake. Poimirira, thalauzi linanena zake.

Mtendere unakhazikitsidwa pomwepo, pa zitumbuwa zozizira. A Vinsenti analamula kuti nkhukutembo nayo ipite ku Mponela, poti ndiyo inali ndi oitsatira. A Nathaniel anavomera kugonja pokhapokha aloledwe kuinyamula. Eleanor anaiveka kansalu ka kaputeni pakhosi, kenako anatembenukira kwa a Kalisto akupukuta misozi.

"Moni wanu uja ndinkamuona waulesi," anatero. "Koma mwamuna wothamanga chonchi kumunda sangachedwe. Mukabwerako mudzaonane ndi amalume."

Motero Ziwombankhanga zinanyamuka ndi nyimbo. Kutsogolo kwa lole kunakhala a Nathaniel, ngwazi ya nthenga ili pamiyendo. Ndipo Mkango Wosabangula Kawiri unakhala kumbuyo kwenikweni pa tayala lapadera, ukumwetulira, koma diso lili pagalasi, kusuzumira nkhukutembo ija.