Foni ya Apongozi Ili ku Dambwe

Foni ya apongozi anga ili ku dambwe, ndipo amene anaiponya kumeneko ndine.

Zinachitika Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, pa pulazi ya fodya kufupi ndi tauni ya Concession, kumene ndinakwatira. Mlamu wanga Rudo, mng'ono wa mkazi wanga, ali Fomu 6 ndipo phunziro la Doppler linkamuzunguza mutu. Ine fizikisi ndinaisiya kalekale (ndinakhoza mwachisomo), koma apongozi ali pomwepo mkamwini sanena kuti sadziwa.

"N'zophweka," ndinatero. "Kombi, minibasi ija, ikamabwera ikuliza hutala, mafunde a mawu amapanikizana, mawu amakwera. Ikadutsa amatalikirana, mawu amatsika. Pamwamba pa mzere ulembe liwiro la mawu. Pansi pake, liwiro la mawu kuchotsa la kombi ikamabwera, kuphatikiza ikamapita."

"Alamu, zimenezo zili m'buku. Ine ndikufuna ndimve ndi khutu langa."

Kombi sizifika ku komboni kwathu. Ndiye ndinaganiza zomanga foni pachingwe, izilira, ine ndiziizunguza pamwamba pa mutu. Yanga ndinaona kuti njodula. Rudo anakabwereka ya amayi ake, yamabatani, yolira motalika ngati wezulo.

Tinapita kuseri kwa komboni, pabwalo loyandikana ndi thengo. Chingwe chinali chomangira fodya, cha chaka chatha (mfundo imeneyi ndinaiganizira mochedwa). Ndinamanga foniyo, Rudo anailiza, ine n'kuyamba kuizunguza.

"Sindikumva kusiyana," Rudo anatero. "Wonjezerani liwiro, alamu. Kapena mphamvu zatha?"

Ndinawonjezera. Chingwe chinaduka. Foni inauluka ikulira, kupitirira mitengo, n'kukagwera pakati pa thengo.

"Maiwe! Atsikadi mawu!" Rudo anakuwa akuomba m'manja. "Ikamapita timaphatikiza! Ndamvetsa!"

Thengolo ndi dambwe, malo a Gule Wamkulu, ndipo wosameta sapondako. Ine ndine wosameta, woimba kwaya. Foni inalira mpaka batire kutha, komboni yonse ikumvetsera. Apongozi sanandikalipire, poti mkamwini sakalipiridwa pamaso. Anangotuma mkazi wanga kudzafunsa ngati sayansi yangayo ikusunga manambala a abale awo a ku Dedza, chifukwa onse anali m'foniyo.

Akuluakulu a dambwe agamula kuti ndipereke tambala, ndipo foni ibwera Loweruka, tsiku la gule. Rudo wamva kuti kutuluka chilombo chatsopano, chovala tayi, chozunguza njerwa pachingwe. Apongozi akuti ndikakhale kutsogolo.