Msuweni wa Mbali Zonse

Lolemba

Yotamu. Ndayamba ndi dzina lake kuti ndisadzaiwale amene wandilakwila. Mwana wa amalume, woyendetsa njinga yamoto pa Nyimba, mkamwa ngati chitseko chopanda loko.

Mailo Lamulungu tili pa siteshoni, ine ndi Gidiyoni, mwamuna amene ankhoswe ake abwela kwathu kumapeto kwa mwezi uno. Tikugula nthochi mwaulemu. Yotamu tulukilu: "Mkazi wanga! Wathawa osandiikila madzi osamba? Bambo, ameneyu mwabweleka kwa ndani?" Siteshoni yonse kuseka. Gidiyoni nayenso kuseka, ati ndi chisuweni chabe. Chabe!

Amai akuti msuweni sakwiyilidwa, ndi mwamuna wako wa nthabwala, pakamwa pake palibe mlandu. Chabwino. Koma ine ndinamvapo pamalilo ena kuti amai ndi amalume si a mimba imodzi. Ngati ndi zoona, chisuweni chatha, Yotamu ndi munthu wamba, ndipo munthu wamba amapepesa atagwada. Ankhoswe a Gidiyoni asadzandipeze ndili choseweletsa cha pa siteshoni.

Ndifufuza. Ndinamaliza giledi 12 ine.

Lachiwili

Ku Nyampande, kwa amai aakulu. Ndawapeza akusenda nshawa. Ndafunsa mosazungulila: ine ndi Yotamu chibale chathu chili bwanji kwenikweni?

Asiya nshawa. Andiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kuphazi. "Wayamba liti kufuna kudziwa?"

Yankho lawo: mimba imodzi, bele limodzi, amai ndi amalume ndi opondana. Uja ananena zina pamalilo anali ataledzela kuyambila m'mawa.

Zimene andipatsa potsanzika, osapempha:
nshawa;
mthiko watsopano;
malangizo akuti Yotamu sakonda mchele wambili.

Mchele wa Yotamu ukundikhudza pati ine? Ukalamba ndi matenda ndithu.

Lachitatu

Sindinagonje. Kwatsala kuchimuna. Mai ake a Yotamu kwawo ndi ku Luembe, kwawonso kwa malemu atate. Zikapezeka kuti mbali imeneyo Yotamu ndi mlongo wanga, basi, mlongo satchula mlongo wake mkazi. Azakhali, mlongo wawo wa atate, ndiwo angadziwe.

Ndafika pa Nyimba. Galimoto ya ku Luembe kulibe. Anyamata a njinga onse akana kunditenga. "Mkazi wa mnzathu sitinyamula, amai." Onse kuloza munthu mmodzi.

Ndakwela. Ndikanatani? Ndalumbila kuti sindimugwila, koma msewu uja ndi maenje okhaokha ndipo iye akuchita kuwasankha. Ndafika nditakakamila jekete lake ndi manja awili. Mudzi uliwonse iye hutala, dzanja m'mwamba ngati phungu. Anthu a m'madimba kuweluka kuti aone.

Sindinamulankhule njila yonse. Umenewo ukhale umboni wanga.

Lachinayi

Azakhali afotokoza ndi timitengo pansi. Aka ndi atate ako. Aka ndi mai ake a Yotamu. Amai awo anali pachibale, mkulu ndi mng'ono. Ndiye kuti mai ake a Yotamu ndi mlongo wa atate, ndi azakhali anganso!

Msuweni kuchikazi, msuweni kuchimuna. Ngati chitenje chodula, maluwa mbali zonse.

Ndisanapume, azakhali nthungululu! Akazi a nyumba zoyandikana thamangu. "Mtsikana safunsa chibale cha mnyamata pachabe. Wayenda mtunda wonsewu, wabwela naye yekha pa njinga. Njila ndi yoyela, mwanangu, kwatilanani!"

Mthiko uja. Mchele uja. Mayo ine!

Ndakana, ndalumbila, ndatchula Gidiyoni. Iwo: "Manyazi amenewo, tonse tinayamba choncho." Yotamu ali pansi pa mtengo wa mango, akudya mbatata zawo, akungogwedeza mutu ngati mkamwini wofatsa.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti banja lili pawili, laling'ono ndi lalikulu. Sanatiuze kuti lalikululo lili ndi foni.

Lachisanu

Kwathu ku Petauke. Nkhani yafika ine ndisanafike. Azakhali anaimbila amai aakulu, amai aakulu anaimbila mnzawo wa kwaya, mnzawoyo amakhala benchi imodzi kutchalitchi ndi mai ake a Gidiyoni.

Uthenga wa Gidiyoni pa foni: "Ndamva. Zabwino zonse." Basi.

Ndapita kusitolo ya mbewu kumene amagwila nchito. Wandilandila ngati mlimi. "Tikuthandizeni chiyani, amai? Mbewu, kapena mankhwala a anankafumbwe?" Amai! Ine! Ndati zonsezi ndi bodza. Iye: "Nthabwala za msuweni ndimazidziwa, ndinaseka nawo. Koma wofunsa chibale ku Nyampande ndi ku Luembe sanali Yotamu."

Ndagula mbewu ya lepu. Dimba ndilibe.

Olakwa, motsatana:
Yotamu;
woledzela wa pamalilo;
azakhali;
maenje.

Loweluka

Ndapempha amai apite akalongosole. Akana, ati mpongozi sayamba kugogoda kwa mkamwini amene sanalowe n'komwe pakhomo. Ndaimbila amalume, iwo ndiwo nkhoswe wanga. Ati ankhoswe a mwamuna asanabwele, iwo chibwenzi chimenechi sakuchidziwa, ngakhale akuchidziwa. Ndiye apite ndani? "Alipo mmodzi amene angalankhule za chibwenzi popanda manyazi. Msuweni wako."

Ndadula foni. Ndasesa bwalo losesa kale. Ndaganiza za Gidiyoni akunditchula amai mpaka kalekale.

Ndamuitana.

Wabwela madzulo, wakhala pa mpando wa atate, mwendo pa mwendo. Zofuna zake: ndigwade, ndinene kuti "amuna anga, ndithandizeni", ndipo mailo lino likubwela ndimuphele thazi langa lofiila, lija likuikila.

Amene anayenela kugwada ndi ndani sabata ino? Amai ali pakhomo la khichini, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka.

Ndagwada. Bondo limodzi. Lachiwililo anachita kulikumbutsa.

Lamulungu

Abwela onse awili pa njinga titatuluka m'tchalitchi, Gidiyoni kumbuyo, atagwila jekete lomwe lija.

Ndafunsa Gidiyoni kuti wauzidwa chiyani. Akuti Yotamu anati: "Bambo, mtsikana ameneyo ndi mkamwa mwake ine ndamupilila kuyambila tili ana. Amasunga mkwiyo ngati chimanga cha mbewu. Tengani, ndikuwonjezelani ndi mthiko." Gidiyoni akuti wakhulupilila pomwepo, chifukwa munthu wofuna mkazi sangamudziwe bwino chotelo.

Ndiye ukwati wanga wapulumuka ndi chipongwe.

Ankhoswe adzabwela kumapeto kwa mwezi monga tinapangana. Thazi langa lapita. Nthutumba, imene ndinabisila Gidiyoni pansi pa mbale, Yotamu waivuula yekha, ati mwamuna woyamba ndi woyamba. Gidiyoni wamupatsilanso mchele, akutchulana "mwamuna mnzanga". Amai akuti tsiku la ukwati Yotamu ndiye adzavine patsogolo, ndipo ana anga akadzabadwa, ana ake...

Ayi. Pamenepo ndawaletsa.

Sindinamukhululukile. Ndiwo ndinathila mchele dzanja lonse, wadya n'kupempha zina. Za Yotamu ndatseka pakamwa, sindidzazitchulanso, ngakhale kwa timitengo ta azakhali.