Mowa wa pa Bona la Mwatitha

Mwambi umenewu, amwene, unayamba motere, ndipo musakafunsenso kwina, chifukwa mwini nkhaniyi anali malume awo a agogo anga. Ine sukulu ndinalekera sitandade faifi, aphunzitsi zitawathera zondiuza, koma pa nkhani iyi ngakhale wa digiri amakhala pansi n'kumvera ine.

Panali bambo wina, a Gwedeza. Anali mkamwini, ndipo anakhala pamudzi pa akazi awo, mayi Mwatitha, zaka makumi atatu. Mayi amenewa ankafulula mowa wa uchi ndi masuku. Sunali wogulitsa ayi, unali wa nsembe. Mvula ikavuta, kapena munthu akamalota makolo ake amene anapita, ndi umene ankathira patsinde pa mtengo wa msolo. Wotsala ankamwa akuluakulu, ndipo pa akuluakulupo a Gwedeza sankajomba.

Mayi Mwatitha atadwala anawaitana amuna awo.

"Inu, pa bona langa musadzandiphikire wa mawere, umanditentha pamtima. Mudzandithirire wa uchi. Mng'oma wanga uli mumtengo wa muwanga uja."

"Mwayamba zotani kodi? Mufulula nokha chaka chino."

Sanafulule. Masuku a chaka chimenecho anagwa eni ake ali kumanda.

Chaka chitazungulira, masuku atapsanso, abale anaika tsiku la bona, mwambo wotsanzikana ndi womwalira. Likatha bonalo, a Gwedeza ankayenera kusudzulidwa n'kubwerera kwawo. Ndiye kuti mowa umenewu inali ntchito yomaliza yoti awagwirire akazi awo. Mng'oma unali umodzi, kufula kwake kamodzi.

Amene ankathandiza malemu pofulula anali mng'ono wawo, a Ndaziona, mayi wa pakamwa pakuthwa. Anawapeza a Gwedeza akunola mpeni pakhonde.

"Alamu, mukafula uchi mundiitane."

"Ndikuitaneni kuti chiyani?"

"Kuti tifulule. Inutu mowa uja mumaudziwira m'chikho."

Azimayi amene ankasinja chapafupi anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunaononga zonse.

"Alamu," anatero a Gwedeza, "zaka makumi atatu ndagona nyumba imodzi ndi mbiya imeneyo. Musadzivutitse."

Apa ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Ine ndemwe njinga yanga ndinaimasula yonse osafunsa munthu, ndipo poibwezera zinatsala zitsulo ziwiri zokha. Magazi athu ndi otero.

Basi a Gwedeza anakwera mu muwanga ndi chimoto chaudzu. Malemu akamafula ankasiyako zisa zina kuti njuchi zisathawe. Iwo anakokolola zonse, ndi za ana zomwe, ati nsembe ya akazi anga isaperewere. Pofika mawa lake mng'oma unali zii.

Tsono malemu ankafinya zisa m'madzi ofunda, n'kusefa, phula n'kuika padera. Akatero ankasakaniza ndi masuku ochotsa njere, n'kuvundikira ndi lichero kuti mowa uzipuma. Zimenezi a Gwedeza sanazionepo, chifukwa nthawi imeneyo ankakhala ali pabawo. Iwo anangoti mowa uliwonse umaphikidwa. Anakhuthulira m'mbiya zisa, madzi, masuku ndi makoko omwe, n'kuitereka pamoto ngati akuphika maungu. Mbiya imeneyo chibadwire inali isanaonepo moto. Inalira kamodzi kuti the, iwo n'kumati ndi nkhuni.

Ataphula anaiika pangodya. Zitazizira, phula lonse linayandama n'kuuma pakamwa pa mbiya, lachikasu, losalala.

"Taonani," anatero okhaokha, "wadzivundikira wokha."

Patapita masiku awiri a Ndaziona anaima pakhomo.

"Alamu, nyerere zikulowa m'nyumba mwanu ngati muli maliro."

"Zamva fungo la mowa wabwino."

"Ukuwira?"

"Kwambiri."

Alamuwo atachoka, a Gwedeza anagwada n'kuika khutu pambiya. Ya malemu ikafika masiku amenewa inkanong'ona ngati mvula yakutali. Iyi inali chete. Ananyamuka ndithu kupita kwa alamu awo, koma atafika anapeza azimayi osinja aja ali pakhonde.

"Mwatiyendera, alamu. Kwagwanji?"

A Gwedeza anayang'ana azimayi aja, anayang'ana pansi.

"Ndimati mundipaleko moto."

Anabwerera ndi khala paphale, kwawo moto uli lawilawi.

Tsiku la bona, dzuwa litangotuluka, mudzi wonse unasonkhana pamsolo paja. A Gwedeza anasenza okha mbiya. Inawapepukira modabwitsa, koma anadziuza kuti mowa wabwino sulemera. Mchimwene wa malemu, a Mpinganjira, nkhalamba yosaona bwino, anagwada n'kuwomba m'manja.

"Mwatitha, mlongo wanga, tabwera nacho chimene unapempha. Wakufululira mwamuna wako ndi manja ake. Ulandire, ugone, usavutitse ana."

Mwambo wake unali woti wofulula alawe kaye anthu akuona, kenako athire pansi. A Gwedeza anapendeketsa mbiya pachikho. Palibe chinatuluka. Anapendeketsanso. Anasolola mpeni n'kuboola phula lija, ndipo linasweka n'kugwera pansi pa mbiya kuti gu. M'katimo munali njere za masuku, makoko, njuchi zakufa ndi nyerere zokhuta. Madzi onse a uchi anali atatha kudontha pamng'alu, dothi la m'nyumba n'kumwa.

"Alamu, lawani, mawondo andiwawa," anatero a Mpinganjira, osaona kanthu.

Pamenepo munthu wina akanagwa pansi n'kupepesa. Koma ndanena kale za magazi athu.

"Wakhwima," anatero a Gwedeza. "Malemu akafuna wapamwamba weniweni ankapanga wotafuna."

Ananyema chidutswa cha phula n'kuponya m'kamwa. Anatafuna. Chinakakamira m'mano. Anatafunanso, chinamata kumtunda. Anthu ali phee, kumangomveka nsagwada za munthu mmodzi. Mnyamata wina anatembenukira kuthengo, mapewa akugwedera.

"Mezani, alamu," anatero a Ndaziona. "Mkulu wanga akudikira wake."

Anayesa kumeza, phula linakana. Anapitiriza kutafuna, maso ali patsinde pa msolo pamene panali pouma. Kenako misozi inayamba kutsika, kulowa m'ndevu, iwo akutafunabe. Amene ankaseka anasiya. A Ndaziona anayandikira n'kugwada pambali pawo.

"Lavulani, alamu. Basi lavulani."

Analavulira m'dzanja.

"Mukanangobwera kwathu."

"Ndinabwera."

"Munabwera kudzapala moto."

A Gwedeza anayang'ana phula m'dzanjamo n'kunena kuti:

"Za inu n'zochepa, alamu. Eni akewo zaka makumi atatu amandipatsa chikho, ine kumangomwa. Sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti kodi mumachita bwanji."

"Uchi watsalako? Tingathe kusuntha tsiku."

"Ndinafula wonse. Njuchi zinapita."

A Mpinganjira atauzidwa zimene zachitika anapumira m'mwamba. Anaitanitsa ufa ndi madzi a pachitsime, n'kuthira patsinde paja.

"Mwatitha, wa uchi walephereka. Umwe madzi, mlongo wanga. Mwamuna wako umamudziwa wekha."

Mawa lake a Gwedeza anasudzulidwa. Anakulunga mphasa yawo, anatenga khasu ndi kampando, n'kutuluka pamudzi pamene anakalambirapo. Podutsa pa muwanga anaima pang'ono kuyang'ana mng'oma uja. Sanabwererenso.

A Ndaziona sanawasekenso a Gwedeza mpaka kufa kwawo. Koma akaona mkamwini watsopano akulimbana ndi ntchito imene sakuidziwa, pakamwa atatseka, ankamuitana n'kumuuza motsitsa mawu kuti:

"Bwera kuno, mwanawe. Safunsa adadya phula."