Chingwe cha a Gwirani

Ngati munakwerapo basi ya kampani yathu yoyendetsa alendo, a Gwirani mukuwadziwa: bambo aja oonetsa alendo malo, amene ankagwiritsa anthu a imvi chingwe ngati ana a ku nasale. Dzina lenileni tinaliiwala kalekale, chinatsala ndi mfuu yawo ija: "Gwirani! Gwirani chingwe!" Ine ndinali dalaivala wawo, ndiye zimenezi ndinaziona ndi maso angawa.

Munthu uja anabadwa ndi nkhawa, ndipo nkhawa yake inali imodzi basi: pasapezeke munthu wotsala. Koma chodabwitsa, ulendo wa mabanja, umene tonsefe tinkauthawa, iwo ankaukonda. Uyu akusanza pa mpando, uyo akufuna chimbudzi tisanatuluke n'komwe pageti, winayo akulirira ayisikirimu. Ine mutu uli waa, a Gwirani ali mwee kumwetulira.

"Mphwanga," ankatero, "phokoso limeneli ndiye mtendere wanga. Mwana akasochera amalira, ndipo mayi ake amadziwa ife tisanadziwe. Koma munthu wamkulu amasochera mwakachetechete, manja ali m'thumba."

Ndiye bwana akangoti, "Loweruka muli ndi ulendo wa akuluakulu okhaokha," kumwetulira kwa a Gwirani kunkathera pomwepo. Paulendo wotere anthu amalipira kuti asamve mwana akulira. Amafuna kuyenda pang'onopang'ono, kujambula chilichonse, kulawa vinyo, ndipo palibe amene amayang'anira mnzake. Aliyense amati ndine wamkulu. Mawu amenewo a Gwirani ankawaopa kuposa njoka.

Chingwe chinayambira ku mathithi. Titabwerera m'basi, a Gwirani anaona mpando umodzi uli wopanda munthu. Anafunsa mayi wokhala pafupi ndi mpandowo.

"Amayi, amuna anu ali kuti?"

"Kaya. Tinayambana m'mawa, sindikuwayankhula."

"Koma munawaona komaliza pati?"

"Ndanena kuti sindikuwayang'ananso."

Abale inu! A Gwirani anatuluka ngati aponyedwa. Anathamangira kuphompho, akukuwa mpaka mawu kusasa, nsapato imodzi inatsala m'matope. Ine ndinawatsatira, ndikuganiza za apolisi. Bambo aja tinawapeza ali m'tulo m'basi ya kampani ina, atadya kale kamba wa eni ake. Atadzuka anangoti, "Mipando ya muno ndi yabwino kuposa yanu."

Loweruka lotsatira a Gwirani anatulukira ndi chingwe choyanikira zovala cha akazi awo, atachimanga mfundo, munthu aliyense mfundo yake. Mapeto ake anawamanga pa lamba wa buluku lawo.

"Ine ndigwire chingwe?" anatero mayi wina wa nsapato za gogoda. "Ndili ndi zidzukulu ine!"

"N'chifukwa chake, amayi. Ndikawauza chiyani adzukuluwo?"

Anagwira. Onse ankagwira, akung'ung'udza, kenako n'kuyamba kuseka, ndipo pofika masana anthu osadziwana aja anali atayamba kucheza ngati pachibale. Vuto linali buluku. Tsiku lina m'nyumba yosungira zinthu zakale, gulu lonse linakhotera kumanzere a Gwirani akulowera kumanja. Lamba anaduka. Zimene alendo anajambula tsiku limenelo sizinali zinthu zakale zokha ayi.

Bwana anakalipa. "Anthu akudandaula! Mukutichititsa manyazi. Chingwe chichoke, apo ayi muchoke ndinu."

A Gwirani anavomera, thukuta lili kamukamu. Ulendo wotsatira anayenda opanda chingwe, koma aliyense wolowa m'chimbudzi ankamudikirira pakhomo, akugogoda: "Mulimo?" Madandaulo anachuluka kuposa kale, ndipo bwana anakagula yekha chingwe chatsopano.

Ndisaname, ankanditopetsa. Ndikaliza injini ankandigwira phewa. "Dikira, mphwanga." Ankayenda mpaka kumbuyo, kusuzumira pansi pa mipando, kutsika, kuizungulira basi, kukweranso. Akatero m'pamene ankapuma n'kunena kuti, "Tonse tilipo. Tiye." Zaka zonse zija sitinasiyepo munthu ngakhale mmodzi.

Mtima ndi umene unawatenga, ndipo palibe anadabwa, chifukwa mtima umenewo unagwira ntchito ya mitima makumi atatu Loweruka lililonse. Ku manda tinapita pa basi yathu yomweyi. M'basimo munadzaza, mpaka mayi wa gogoda uja anabwera, ndi bambo ogona m'basi ya eni aja, atagwirana dzanja ndi akazi awo.

Mwambo utatha anthu anakwera. Mnyamata amene analowa m'malo mwa a Gwirani anangoponya diso kumbuyo n'kunena kuti, "Tonse tilipo, adalaivala. Tiyeni."

Dzanja langa linali pa kiyi, koma linakana. Ndinkadikira kuti wina andigwire phewa.

"Sitonse," ndinatero.

Kumbuyo wina anayamba kulira, ndipo ndinazimitsa wailesi.

Masiku ano basi imanyamuka pa nthawi yake, bwana akusangalala, alendo akuyenda manja ali m'thumba. Nkhawa ija a Gwirani anandisiyira ine. Chingwe chili pansi pa mpando wanga, ndipo ndisanalize injini ndimatsika kaye, ndiizungulire basi.